Chisiyireni jakisoni msambo wanga sukuyenda bwino, kodi magazi anaunjikana m'mimba?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa ku Chiputula konkuno ku Mzuzu, dzina ndabisa monga anapempha, ndipo ndaudulako pang'ono poti unali wautali.

"Anesi muli bwanji. Ine ndili ndi zaka 29, ndili ndi mwana mmodzi wa zaka 4. Ndakhala ndikubayitsa jakisoni wa miyezi itatu uja kwa zaka zitatu, ndipo chaka chachiwiri kusamba kunasiyiratu. Ndinabayitsa komaliza mu Januwale chifukwa tikufuna mwana wina ndi abambo akunyumba. Ndinakhala mpaka Juni osaona kanthu, kenako ndinasamba masiku awiri okha timagazi takuda, ndiye panadutsa masiku ngati 50 ndikusambanso sabata yathunthu, panopa sindikudziwanso kuti ndidikire liti. Apongozi akuti magazi a zaka zonse zija anaunjikana m'mimba akuwola nchifukwa chake akutuluka akuda, akuti ndimwe mankhwala achikuda otsuka. Ine mantha, kodi ndidzaberekanso? Komanso kangapo ndaona timagazi pang'ono tikatha kukhala malo amodzi ndi abambo koma sizipweteka ayi. Ndithandizeni."

Achemwali, yewo chomene polemba, ndipo mtima ukhale m'malo kaye. Ine unamwino ndi uzamba ndaugwira zaka zoposa 20, zambiri mwa izo kuno kumpoto, ndipo funso lanuli ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse, pena mayi akunong'ona chifukwa panja pali anthu pa mzere. Zambiri mwa zomwe mwafotokozazi ndi zomwe thupi limachita likamachoka pa jakisoni, si matenda ayi, ndipo mwayi oti mudzaberekanso ulipo ndithu. Koma pali chiganizo chimodzi mu uthenga wanu, chomalizacho, chomwe inu mwangochiponya ngati chaching'ono, ine ndi chomwe chandikhalitsa tsonga. Tifikako, ndiyambe ndi zomwe zikukusowetsani tulo.

Magazi saunjikana. Ndikubwerezanso, palibe thumba m'mimba mwanu lomwe magazi a zaka zitatu akhala akudikira. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala mphasa kudikira mlendo, mphasayo ndi kakhungu ka mkati kamene kamakhuthala ndi timitsempha ta magazi, ndiye dzira likatuluka osakumana ndi umuna mlendo sanabwere, thupi limayalula mphasa ija ndipo kuyalulako ndi komwe timati kusamba. Jakisoni wolera wa miyezi itatuyu, wotchedwa Depo, amaletsa dzira kukhwima ndi kutuluka, komanso amachititsa kuti kakhungu kaja kakhale kopyapyala kwambiri, ndiye mphasa siyalidwa nkomwe, choyalula palibe. Amayi pafupifupi theka la omwe amabayitsa jakisoniyu amakhala atasiya kusamba pofika chaka chimodzi. Tikawaunika pa sikani chiberekero chimaoneka chopanda kanthu, chabwinobwino. Zikanakhala kuti magazi a miyezi 24 ali mmenemo bwenzi mimba yanu ikuoneka ngati ya mwana ndipo bwenzi mukumva ululu osagona nawo.

Za kudako, magazi akamatuluka pang'onopang'ono amachedwa m'njira ndiye amasintha mtundu, chimodzimodzi magazi a bala akauma pa nsalu amada. Si kuwola. Kuwola kapena matenda timakudziwa ndi fungo loipa, kutentha thupi, ndi kuwawa kwa m'chinena, osati mtundu okha.

Nanga bwanji panopa zikubwera mosalongosoka? Jakisoni wanu wa Januwale anagwira ntchito mpaka cha mu Epulo, koma mankhwalawo satha tsiku limodzi ngati mayunitsi a magetsi, amatsika pang'onopang'ono, ndipo ubongo ndi timatumba ta mazira zimafunika nthawi kuti ziyambenso kumvana. Mwezi wina dzira limatuluka, mwezi wina ayi, ndiye mwezi omwe silinatuluke msambo umachedwa, ukabwera umabwera ochepa kapena otalika, ndendende zomwe mwalembazi. Amayi ambiri amatenga pakati patadutsa miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni omaliza, ena msanga, ena mpaka miyezi 18, ndipo kuchedwaku sikudalira kuti munabayitsa zaka zingati. Inu simunafike ndi pa miyezi 10 pomwe. Kuti mwasamba kawiri ndi chizindikiro choti thupi ladzuka.

Mankhwala otsuka aja musamwe chonde. Apongozi anu sakufunirani zoipa, akufuna mdzukulu ndipo akunena zomwe nawonso anauzidwa, ndiye musakangane nawo, mungowauza kuti kuchipatala akuti ndidikire kaye andiyeze. Chifukwa chake ndi ichi, inu mukukhala ndi abambo osadziteteza, ndiye tsiku lililonse mutha kukhala muli ndi pakati pa masabata awiri kapena atatu osadziwa, ndipo zambiri zomwe amati zotsukazo zimagwira ntchito pofinya chiberekero kapena potsegula m'mimba mwamphamvu, mulingo wake palibe amaudziwa olo ogulitsayo. Ndinalandirapo mayi wina amene anadikira mwana zaka ziwiri, msambo utachedwa anamupatsa botolo la zotsuka kuti njira itseguke, anabwera kwa ife akutaya magazi chitenje chonse chitanyowa, poyeza tinapeza kuti inali mimba ndipo inali itachoka kale. Kulira kwake sindimakuiwala. Zoika kumusi nazonso ayi, kaya masamba kaya timiyala, zimasupula khungu la mkati ndi kutsegulira matenda njira.

Tsopano chiganizo chija. Magazi otuluka mukatha kugonana si msambo, ndipo sitimawaika m'gulu la zosokonekera za jakisoni mpaka titaona ndi maso khomo la chiberekero. Sindikunena kuti muli ndi khansa, pa zaka 29 nthawi zambiri timapeza zina, pena kakhungu kofewa ka mkati mwa khomo kamakhala katatulukira kunja ndiye kakakhudzidwa kamatuluka magazi, pena kanyama kakang'ono kolendewera komwe timangochotsa, pena matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi anzake omwe mwa amayi amatha kukhala miyezi osaonetsa chizindikiro chilichonse, pena kuuma chabe kwa njira. Koma khansa ya khomo la chiberekero ndi yomwe ikupha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi muno, dziko lathu lili m'gulu la maiko omwe nthendayi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri ndi chomwechi, timagazi pang'ono tosapweteka. Mawu oti sizipweteka ndi omwe amachedwetsa amayi athu. Ululu umabwera mochedwa, nthenda itapita kale patali.

Chabwino chake nchoti nthendayi imayenda pang'onopang'ono. Imayamba ndi kachilombo kopatsirana pogonana kotchedwa HPV, ndipo kuti kafike popanga khansa pamadutsa zaka 15 mpaka 20 mwa munthu wa chitetezo chabwino, zaka 5 mpaka 10 ngati chitetezo chatsika, nchifukwa chake amayi omwe ali ndi HIV timawayeza pafupipafupi, chiopsezo chawo nchokwera kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezo pamakhala kusintha pa khomo komwe kumaoneka ndipo kumachizika.

Ambiri amaopa kuyezetsa chifukwa cha nkhani za chitsulo zomwe amamva kumpopi, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira. Mumagona chagada pa bedi mutafunda chitenje chanu, nesi amalowetsa kachida kotsegulira njira, kamazizira pang'ono makamaka ndi nyengo yathu ya Mzuzu ino koma mukapuma mozama ndi kumasula miyendo sikapweteka, ndiye amaunika ndi nyali kuona khomo, kenako amapaka viniga ndi kathonje ndikudikira mphindi imodzi. Malo omwe ayamba kusintha amayera ngati mwadonthezera mkaka. Zonse sizidutsa mphindi 10. Pakapezeka poyera pang'ono malo ambiri amathandiza tsiku lomwelo ndi kamakina kotenthetsa malowo, chiberekero sachotsa, kubereka kumapitilira. Kuyeza kumeneku kumatchedwa VIA, m'zipatala za boma ndi kwaulere, ndipo mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 amayenera kuyezetsa olo asakumva kalikonse. Koma inu mukapita musakangoti ndabwera ku VIA, mukanene momveka kuti ndikumaona magazi tikatha kugonana, chifukwa munthu wa chizindikiro timamuyang'ana mosiyana ndi ongoyezetsa.

Kanthu kena komwe kuno kwathu timakaiwala ndi likodzo. Ngati munakulira kunyanja, kaya ku Nkhata Bay, Chintheche, Usisya kapena Karonga, kapena mumakonda kukachapa ndi kusamba m'madambo, mukanene. Anthu amadziwa likodzo la kukodza magazi basi, koma mwa amayi mazira a tinyongolotsi take amakakhazikika pa khomo la chiberekero ndi m'njira, amayambitsa timagazi pogonana, chikazi chachilendo, kuyabwa, mpaka kuvuta kutenga mimba, ndipo mayi amatha kumwa mankhwala a matenda opatsirana kangapo konse banja nkumakangana kuti wabweretsa ndani, pomwe chofunika chinali mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel.

Tibwerere ku masiku. Amayi ambiri akandiuza kuti msambo wanga ngosokonekera ndimayamba ndawafunsa kuti mumawerenga bwanji, ndipo ambiri ndithu amawerenga kuyambira tsiku lomwe asiya kusamba, kapena amayembekeza kuti poti mwezi watha unabwera pa 5 mwezi unonso ubwere pa 5. Kuwerenga kwake timayambira tsiku loyamba kuona magazi mpaka tsiku loyamba la msambo otsatira. Masiku 28 omwe tinaphunzira kusukulu aja si lamulo, kwa munthu wamkulu paliponse pakati pa masiku 21 ndi 35 ndi bwinobwino, ndipo kusiyana kwa masiku ochepa mwezi ndi mwezi, mwina 27 kenako 31, si vuto. Munthu wa masiku 24 amatha kusamba kawiri mwezi umodzi wa pa kalendala, pa 2 ndi pa 26, nkuthamangira kuchipatala kuti ndadwala pomwe thupi lake likuyenda mwa dongosolo lake. Kusambako kusapitilire masiku 7.

Ndiye gulani kakope ka ana asukulu kapena lembani kumapeto kwa kabuku kanu kakuchipatala, olo mu foni. Tsiku loyamba, tsiku lomaliza, mapadi kapena nyanda zingati patsiku, munali zoundana kapena ayi, cham'mimba chinali chotani, ndi tsiku lililonse lomwe mwaona timagazi pakati. Ndikunena zoona, mayi obwera ndi masiku olemba a miyezi itatu amandithandiza kuposa obwera ndi sikani yodula koma osakumbuka kuti anasamba liti.

Msambo ukachedwa, choyamba ndi kuyeza mimba, nthawi zonse, olo muli pa njira yolera, olo mukuyamwitsa, olo mukuti tinangopanga kamodzi. Kachida koyezera mkodzo kamapezeka m'mafamase a m'tauni ndi kuchipatala, mkodzo wa m'mawa ndi omwe umaonetsa bwino, ndipo ngati simudziwa tsiku loyembekezera ngati mmene zilili ndi inu, yezani patadutsa masabata atatu kuchokera pomwe munagonana osadziteteza. Kwa inu ndingati msambo ukadutsa masiku 35 osabwera yezani, ikakana dikirani sabata muyezenso.

Ndimalimbikira za kuyezazi chifukwa cha mimba yokhala m'chubu. Usiku wina kukuwaza kamvula kathu kaja anabwera naye pa njinga yamoto mayi wamng'ono, mwamuna wake atamugwira kumbuyo kuti asagwe. Iye ankati msambo wake umachedwachedwa kale ndiye sanadabwe utadumpha, kenako anayamba kuona timagazi takuda todontha nkumati wabwera, m'mimba mukupweteka mbali imodzi, anamwa panado masiku atatu. Pofika kwa ife zikhatho zinali zoyera ngati pepala, thukuta lozizira, akudandaula phewa, akati adzuke chizungulire. Panja magazi anali ochepa kwambiri, onse amatayikira m'kati, chubu chinali chitaphulika. Anapulumuka chifukwa analowa ku fiyeta usiku omwewo ndipo magazi omuwonjezera anapezeka. Ndiye aliyense owerenga pano, msambo ochedwa, kuwawa mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, timagazi todontha, chizungulire kapena kukomoka, izi sizidikira kuti kuche kapena kuti abambo abwere ku ntchito.

Poti ndikudziwa kuti owerenga ena sali pa jakisoni koma nawonso masiku awo sakuyenda, nditchuleko zina. Mtsikana amene wangotha msinkhu zaka ziwiri zitatu zoyambirira msambo umadumphadumpha, mpaka masiku 45 si zodabwitsa, amayi musathamangire kumuganizira zoipa mwana, khalani naye pansi. Koma akafika zaka 15 asanayambe olo kamodzi, kapena wayamba koma padutsa miyezi itatu kuli zii, apite akaonedwe. Oyamwitsa naye msambo umachedwa kubwerera, koma dzira limatha kutuluka msambo oyamba usanaoneke, nchifukwa chake timaona ana otsatizana mayi akuti koma sindinasambe. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Kuyambira zaka za m'ma 40 masiku amayamba kufupika kenako kutalika, kutentha thupi usiku, mpaka kusiyiratu, ambiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Mayi akakhala miyezi 12 osasamba ndiye kuti wasiya, ndipo magazi ena aliwonse obwera pambuyo pake, olo kadontho, si utsikana wabwerera ayi, akayezedwe msanga. Agogo athu ambiri amabisa izi chifukwa cha manyazi, muziwafunsa.

Nkhawa nayo imaimitsa msambo, izi si zongokamba. Ubongo ndi omwe umalamula mahomoni otulutsa dzira, ndiye ukaona kuti zinthu zavuta umaimika kaye. Ndawaonapo atsikana a ku Mzuni nthawi ya mayeso, amayi a geni ku Zigwagwa ngongole ya banki mkhonde itawapana, namfedwa, munthu amene wadwala malungo aakulu kapena TB, amene waonda kwambiri kapena kunenepa mwadzidzidzi. Mwezi umodzi kapena iwiri zimabwerera zokha zinthu zikakhazikika. Ndipo inunso achemwali mantha a apongozi ndi kudikira mwana tsiku ndi tsiku zikhoza kuwonjezerapo.

Njira zina zolera zilinso ndi khalidwe lake. Ya pamkono, kaya Implanon ya zaka 3 kapena Jadelle ya zaka 5, imakonda kudonthetsa mosadziwika tsiku makamaka chaka choyamba, ndipo pali mankhwala omwe timapereka kuti kudonthako kuchepe, sikuti mpaka kuchotsa. Lupu ya kopa siimitsa msambo koma imatha kuuchulukitsa ndi kuwonjezera cham'mimba miyezi yoyamba. Mapiritsi ukamaiwalaiwala umadontha. Ndipo mapiritsi a pangozi aja omwe atsikana ena akumwa kawiri katatu pamwezi amasuntha masiku mpaka mwini wake osadziwanso pomwe ali, ngati mukuwafuna pafupipafupi choncho bwerani tikambirane njira yokhazikika.

Tsono pali matenda enieni a mahomoni omwe ndimafuna anthu awadziwe chifukwa amakhala nawo zaka osadziwa dzina. Loyamba ndi vuto la timatumba ta mazira lotchedwa PCOS, limagwira mayi pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse. Munthu amasamba kanayi kapena kasanu pachaka chiyambire utsikana, ziphuphu zosatha, tindevu pachibwano kapena ubweya pamimba ndi pachifuwa, kunenepa kwa pamimba, khosi lakuda kumbuyo ngati sasamba pomwe amasamba. Mazira amayamba kukula koma osafika potuluka. Ambiri amabereka ndithu, ena ndi thandizo la mankhwala okhwimitsa dzira, ndipo kwa onenepa kutsitsako thupi pang'ono chabe kumabwezeretsa msambo. Kusiyana kwake ndi jakisoni nkofunika mukumvetse, pa jakisoni mphasa siyalidwa ndiye kusasamba kulibe vuto, koma pa PCOS mphasa imangoyalidwa pamwamba pa inzake osayalulidwa, ndipo zikakhala choncho zaka zambiri kakhungu kaja kamatha kusintha moipa, nchifukwa chake timapereka mankhwala kuti munthu azisamba osadutsa miyezi itatu kapena inayi. PCOS imayenderanso limodzi ndi shuga, ndiye timayeza. Funso lomwe ndikanakufunsani mukanakhala pamaso panga ndi loti musanayambe jakisoni, musanabereke, masiku anu ankayenda bwanji? Ngati ankayenda bwino ndiye kuti ndi jakisoni basi. Ngati ankadumpha kale, jakisoni anangophimba vuto lakale ndipo tiyenera kulifufuza.

Chithokomiro, chiwalo cha pakhosi chopanga mahomoni, chikamagwira ntchito mopitirira kapena moperewera chimasokonezanso, munthu amaonda mtima ukuthamanga ndi kutuluka thukuta, kapena amanenepa, kuzizidwa ndi kutopa kosatha, pena khosi kutupa. Kwina ndi kutuluka mkaka m'mawere usakuyamwitsa msambo utaima, makamaka ngati palinso mutu ndi kusaona bwino, apo timayeza homoni ya mkaka, ndipo mankhwala ena a matenda a maganizo amachititsanso zimenezi, koma musasiye kumwa panokha, kauzeni amene anakulemberani.

Mbali inayo ndi ya otaya magazi ambiri, ndipo awa ndi omwe amandimvetsa chisoni chifukwa amapirira mpaka kuzolowera. Ngati padi ikudzadza ola lililonse kapena maola awiri motsatizana, mukudzuka usiku kusintha, mukuphatikiza padi ndi nyanda komabe zikudutsa, mukutuluka zoundana zazikulu kuposa chitsekero cha botolo la Fanta, kapena mukupitilira masiku 7, si mmene munabadwira ayi. Mwa amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40 kawirikawiri timapeza zotupa za m'chiberekero zotchedwa fibroids, si khansa, ndipo mwa ife anthu akuda nzochuluka, sikani imazionetsa. Chomwe chimapweteka anthu ndi kuchepa kwa magazi kobwera pang'onopang'ono, kukwera kachitunda kochokera kumsika mpaka kupumira kawiri, mtima kugunda m'makutu, kulakalaka dothi. Tsitsani chikope cha m'munsi pa galasi, mkati mwake muzikhala mofiira, mukayera kayezetseni magazi. Usipa, nyemba, chiwindi, bonongwe ndi chisoso zimathandiza, tiyi musamwere pa chakudya chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi, koma magazi akatsika kwambiri chakudya chokha sichikwanira, pamafunika mapiritsi a ayironi miyezi ingapo komanso kutseka komwe akutayikira. Pa cham'mimba ndi magazi ambiri ibuprofen amathandiza kuposa panado, kumwa mutadya, koma osati ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena mukuganiza kuti muli ndi pakati, ndipo aspirin musiyeni masiku amenewo amawonjezera kutaya.

Ndiye kuti musasokonezeke, zothamangira nthawi yomweyo olo pakati pa usiku ndi kutaya magazi kosalekeza mpaka chizungulire, ululu waukulu wa m'munsi mwa mimba msambo utachedwa, magazi aliwonse muli ndi pakati, ndi kutentha thupi kophatikiza ululu ndi chikazi chonunkha makamaka mutangobereka kapena kupita padera. Pa zimenezi musaope kufunsidwa mafunso, olo pali china chomwe munamwa kapena kuchita, nenani zoona kuti tikuthandizeni mwachangu, ntchito yathu ndi kupulumutsa moyo. Zopitira sabata yomweyo ndi magazi mukatha kugonana, magazi a pakati pa misambo obwerezabwereza, ndi magazi mutasiya kale kusamba. Zomwe mungalembe kaye mu kakope nkupita nazo ndi masiku ochepera 21 kapena opitirira 35 kwa miyezi itatu yotsatizana, kapena miyezi itatu yathunthu osasamba mimba mulibe ndipo simuli pa njira yolera.

Kopita kulipo. Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi monga ku Mapale, iwo akaona kuti pakufunika sikani kapena dokotala wa amayi amakulemberani kalata yopita ku Mzuzu Central Hospital. St John's, Ekwendeni ndi Banja La Mtsogolo aliponso kwa amene angakwanitse kulipirako. Lawirani m'mawa, tengani kabuku kanu kakuchipatala komwe munalembedwa masiku a jakisoni, ndipo pitani tsiku lomwe simukusamba kuti khomo lioneke bwino, pokhapokha ngati magazi sakusiya, apo pitani choncho. Yembekezani kuyezedwa mimba, kuunikidwa khomo, mwina magazi ndi HIV ngati papita nthawi. Ndikudziwa kuti pena mzere umatalika ndipo ife ogwira ntchito timakhala ochepa, munthu nkungolemberedwa mankhwala osagonekedwa pa bedi nkomwe, izi zimachitika ndipo sizabwino. Zikakuchitikirani nenani mwaulemu kuti ndapempha mundiyang'ane khomo la chiberekero, ndi ufulu wanu, ndipo ngati mukufuna kuonedwa ndi munthu wamayi kapena kuti pakhale mayi wina m'chipindamo, pemphani. Akakupezani ndi matenda opatsirana abambo alandire nawo mankhwala, apo ayi muzingopatsirana.

Pa nkhani ya mwana, musavutike ndi kuwerengera masiku a dzira panopa, mawerengedwe a pa kalendala ndi mkanda wowerengera masiku uja amagwira kwa amene masiku awo ali pakati pa 26 ndi 32, ndipo ma app a pa foni amangoyerekeza. Dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo otsatira usanafike, ndiye ngati otsatirawo sukudziwika tsiku, dziranso silidziwika. Chosavuta ndi kukhala malo amodzi masiku awiri kapena atatu aliwonse, ndi kuyang'ana chikazi, chikayamba kutanuka ngati choyera cha dzira laliwisi ndiye masiku ake amenewo. Yambiranitu kumwa mapiritsi a folic acid panopa musanatenge pakati, amateteza msana ndi ubongo wa mwana m'masabata oyambirira penipeni pomwe mayi sanadziwe nkomwe. Ikafika Januwale, chaka chathunthu chibayitsireni, masiku anu akadali odumpha chonchi, bwererani tikayeze mahomoni ndi sikani. Masiku akakhazikika koma chaka nkutha mimba osabwera, mupite awiri ndi abambo, iwonso ayezedwe umuna, chifukwa vuto silikhala la mayi yekha ngakhale pamudzi chala chimaloza mayi. Kwa amene adutsa zaka 35 asadikire chaka, miyezi 6 yakwana.

Ndipo poti mwana wanu ali ndi zaka 4, ngati ndi wamkazi mudzakumbuke katemera wa HPV akadzafika zaka 9, boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 atayesera kaye ku Rumphi ndi ku Zomba. Koma za inuyo ndi za sabata ino, mawa m'mawa yezani mimba, kenako pitani akakuunikeni khomo, ndipo mukatuluka mundilembere zomwe apeza, ndikhala ndikudikira.